Mmene ndinaphunzitsira achemwali a ku Korea mawu a kundende

Ndinkagwira ntchito panyumba ina yosamalira okalamba kumpoto kwa Perth, kufupi ndi Balga kumene ine ndi amuna anga tinkachita lendi. Antchito tinali a mitundu yosiyanasiyana, koma amene ndinkagwirizana nawo kwambiri anali mayi ena a ku Korea, aafupi, a manja olimba ngati olima fodya. Kwawo anagwira unamwino zaka zambiri, koma kuno mapepala awo anali asanavomerezedwe chifukwa mayeso a Chingerezi ankawagwetsa. Choncho ankasambitsa ndi kudyetsa okalamba limodzi ndi ine. Tsiku loyamba lomwe anandifunsa zaka zanga mopanda manyazi. Atapeza kuti ndi aakulu kwa ine, anagamula kuti ndiziwaitana ndi liwu la kwawo lotanthauza mkulu wako wamkazi. Liwulo linandikanika lilime. Ndinawauza kuti kwathu timati achemwali, iwo n'kuvomera. Azungu ena a pantchitopo anakhala miyezi akuganiza kuti limeneli ndi dzina lawo.

Lachitatu lina, nthawi ya nkhomaliro itayandikira, tinali kusintha zofunda m'chipinda china pamene foni yawo inalira. Anawerenga uthengawo, n'kudina apa ndi apo, kenako anakhala pansi pabedi limene tinali titangoyala.

"Amumanga mwana wanga," anatero.

Mwanayo anali mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, mmodzi yekhayo, wofatsa moti ukamupatsa moni ankayankhira pansi. Ndinatenga foniyo. Uthenga unachokera kusukulu, wamfupi: mwana wanu wapatsidwa "detention" lero. Achemwali anali ataika kale liwulo mu dikishonale ya pafoni, ndipo linawapatsa liwu la Chikoreya lonena za munthu amene boma lamutsekera.

Apa ndiye panafunika kuti ine ndiwakhazike mtima pansi. Koma ine ndinalibe mwana pasukulu za kuno, ndipo kusukulu kumene ndinaphunzira chilango chinali kutchetcha udzu kapena kukumba dzenje la zinyalala. Liwu limeneli ndinkalidziwa kuchokera kwa akuluakulu a kwathu, amene ankalitchula monong'ona akamakumbukira zaka zakale, pamene munthu ankangotengedwa osazengedwa mlandu, osadziwika tsiku lobwerera.

"Achemwali, liwu ili si labwino," ndinatero.

Anayesa kuimba kusukuluko, koma kunayankha makina owauza kuti adine wani, adine thuu. Tinathamangira kwa bwana wathu n'kumuuza kuti kwagwa zadzidzidzi. Atationa nkhope sanafunse zambiri. M'galimoto achemwali ankangowerengera mavuto: chitupa chawo chokhalira m'dziko muno chitha, amuna awo amene ankagwira ntchito yoika matailosi awathamangitsa, apongozi awo ku Korea akamva afa. Ine ndinkayendetsa ndikupemphera, n'kumawauza kuti tikafika asasaine pepala lililonse.

Mu ofesi ya pasukulupo tinapeza mayi wina akudya sangweji. Achemwali anamuika foni pamaso n'kufunsa m'Chingerezi chimene anali atakonzekera njira yonse:

"Kodi mwana wanga akufunika loya?"

Mayi uja anasiya kutafuna. Anayang'ana foni, anayang'ana ife ndi mayunifolomu athu a kuntchito, kenako anameza mosamala kwambiri. Anatifotokozera kuti mtsikanayo wabwera katatu atavala masokosi a maluwamaluwa m'malo mwa akuda, ndiye akhala m'kalasi mphindi makumi awiri anzake akusewera panja. Anatitengera pakhonde kuti tidzionere tokha. Pawindo tinamuona wamndende wathu, m'chipinda chozizira bwino, akujambula mphaka papepala. Atatukula maso n'kuona amayi ake ndi ine titakanikiza mphuno pagalasi, anatsetserekera pansi pa desiki pang'onopang'ono mpaka kunangotsala tsitsi.

Pobwerera tinaima pa maloboti achiwiri. Apo ndi pamene ndinaphulika kuseka, iwonso n'kuyamba, mpaka wagalimoto ya kumbuyo anatiimbira huta. Atapukuta misozi nkhope yawo inalimba.

"Manyazi ngati awa sindidzachitanso. Mawu onse otsekera munthu ndikufuna ndiwadziwe. Iwe unkati ndisasaine pepala. Zimenezi unazidziwira kuti?"

"Ine ndinakulira kundende, achemwali."

Anasendera kuchitseko. Ndinachita kuwafotokozera kuti bambo anga anali woyang'anira akaidi, ndipo tinkakhala m'nyumba za antchito kuseri kwa mpanda, pa boma lina la kwathu. Ndili mwana ndinkaona akaidi atavala zoyera akupita kumunda m'mawa uliwonse, ena n'kumandipatsa moni pondidziwa. Mawu monga belo, limandi ndi apilo ndinayamba kuwamva ndisanadziwe kulemba dzina langa. Achemwali anamvetsera, n'kugwedeza mutu ngati munthu amene wapeza mmisiri woyenera. Zoti mmisiri yemweyo ndi amene anali atangowasocheretsa sanaziwerengere.

Sukulu yathu inayamba mawa lake pa nthawi ya tiyi, m'kachipinda ka antchito. Anabwera ndi kabuku katsopano atajambulamo mizere iwiri yotsika, mbali ina ya Chingerezi, ina ya Chikoreya. Yachitatu anaisiyira Chichewa, chifukwa anaona kuti ine ndisanafotokoze liwu ndinkayamba ndalilankhula ndekha m'chinenero changa. Liwu limene analikonda kwambiri linali chitokosi. Ankati limamveka ngati chakudya chokoma.

Tinayamba ndi "prison" ndi "jail".

"Kusiyana kwake n'chiyani?"

"Kuno n'chimodzimodzi."

"Nanga mawu awiri a chiyani?"

"Ifenso timati ndende, timatinso jere."

"Ndiye kuti anthu a m'mayiko mwanu mumamangidwa kwambiri," anatero akulemba.

Chimene chinkawapsetsa mtima n'chakuti mawu ambiri ankawadziwa kale, koma ali pantchito ina. "Cell" ankalidziwa bwino monga namwino, ndi timaselo ta m'thupi. Tsopano ine ndikuwauza kuti ndi kachipinda kotsekeramo munthu. "Sentence" anakhala akulilemba zaka zonse pokonzekera mayeso, ndi chiganizo chokhala ndi mneni ndi mpumiro.

"Ndiye woweruza amakupatsa chiganizo?"

"Eya. Chachifupi kwambiri, koma umatha zaka zisanu ukuchiwerenga."

Sanaseke. Analemba kaye, anawerenganso, kenako patapita kanthawi anandimenya paphewa.

Pa "bail" ndinawasokoneza ndine. Ndinati kwathu timati belo, ndipo belo ndi chilolezo choti ukadikire mlandu wako uli kunyumba, komanso belo ndi chimtolo cha zovala za kaunjika chimene amatsegula pamsika anthu n'kumalimbirana. Anandifunsa ngati ziwirizi zikugwirizana. Ndinati zonse ziwiri ukazipeza umathokoza Mulungu. Anafufuta zimene analemba n'kundichenjeza kuti ndizikhala mphunzitsi weniweni.

Vuto lina linali la tonse awiri. Anthu a ku Korea, ngati ife a ku Malawi, lilime lawo silisiyanitsa "l" ndi "r". Tsiku limene tinafika pa "parole" ndi "release", mawu a kutulutsa mkaidi m'ndende, ine ndinkatchula molimba mtima, iwo n'kumabwereza mokhulupirika zolakwika zangazo. Mzungu wina wophika, amene ankamwa khofi pakona, anapirira kwa mphindi zingapo kenako anafunsa ngati tikuphunzira Chitaliyana. Anatitchulira bwinobwino, ife n'kumutsatira, iye n'kutseka maso ngati wamva dzino kuwawa. Tinagwirizana kuti mawu awiriwa tizingowalemba.

Mayi wophika yemweyo ndi amene anatibweretsera "custody". Banja lake linali litatha, ndipo tsiku lina analowa akusangalala, akuuza aliyense kuti khoti lamupatsa "custody" ya ana ake. Dzulo lake lomwe ndinali nditaphunzitsa achemwali kuti liwu limeneli ndi kukhala m'manja mwa apolisi. Anamugwira dzanja mayi uja mwachisoni.

"Onse atatu? Ndi wamng'ono yemwe?"

Titawafotokozera achemwali, anayang'ana kabuku kawo.

"Liwu losungira mwana ndi losungira wakuba ndi limodzi?"

"Dikirani wanuyo akwanitse zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, mudzamvetsa," anatero wophika uja.

Patapita miyezi iwiri achemwali anati sukulu yopanda ulendo wokaona zinthu si sukulu. Loweruka lina tinakwera sitima kupita ku Fremantle, kumene kuli ndende yakale ya miyala yoyera imene masiku ano anaisandutsa malo oti alendo azikaona. Tinagula matikiti, tinaima pamzere ndi mabanja okankha ana pa tingolo. Mnyamata wotionetsa malo ankalankhula mothamanga, ndipo achemwali ankamuimitsa pafupifupi pa khomo lililonse. Anafuna kudziwa kusiyana kwa "inmate" ndi "convict". Anafuna awalembere "solitary confinement" m'kabuku, chifukwa tinali titaima pa kachipinda kamdima kamene ankatsekeramo munthu yekhayekha. Analowamo, anapempha kuti atseke chitseko. Atatuluka anati liwu limenelo saliiwala.

Tili pabwalo tikudya zimene tinatenga, ndinaimbira foni bambo anga, amene anapuma ntchito kalekale ndipo amakhala kumudzi. Kwawoko kunali kutangocha.

"Ababa, tangoganizani kumene ndili. Ndili m'ndende."

"Walakwa chiyani?"

"Ayi, tangobwera kudzaona. Timachita kugula tikiti."



"Mwalipira ndalama kuti mulowe?"

"Eya, ababa."

"Ndipo akutulutsani lero lomwe?"

"Tikangomaliza kudya."

"Ine ndagwira ntchito imeneyo mpaka imvi, sindinaonepo munthu ataima pamzere kuti alowe. Azunguwo ali bwinobwino?"

Ndinamva akuitana amayi kuti adzamve okha. Nkhaniyo inazungulira mudzi wonse, moti mpaka pano achibale ena akandiimbira amafunsa ngati ndapitakonso kundende kokacheza.

Mwezi wotsatira achemwali analembanso mayeso awo a Chingerezi. Anabwerako atakwiya. Panalibe ngakhale liwu limodzi la m'kabuku kathu. Nkhani yonse inali ya zilonda za kumapazi kwa odwala matenda a shuga. Anaperewera pang'ono pa gawo lolankhula. Ndinaganiza kuti sukulu yathu yathera pomwepo, koma Lolemba anabwera ndi kabuku kaja ngati kale. Anati zilonda za kumapazi amazidziwa kale m'chinenero chilichonse, zimene sadziwa ndi zomwe zingawachititse manyazi.

Panyumba yathu ya okalamba panali agogo ena a zaka zoposa makumi asanu ndi anayi, amene anakhala moyo wawo wonse pa famu ya tirigu kutali ndi tauni. Anali ochepa thupi, aukhondo, okonda kuvala mkanda wa ngale ngakhale popita kosamba. Mutu wawo unkagwira bwino, kungoti miyendo ndi imene inawakana. Tsiku lina achemwali anatuluka m'chipinda cha agogowa maso ali tong'o, n'kundikokera kosungira matawulo.

"Agogo aja anakhalapo m'ndende. Kanayi."

"Aja a mkanda?"

"Andiuza okha. Akuti 'confinement' yawo yoyamba anali ndi zaka makumi awiri. Yachitatu ndiye inali yowawa kwambiri, kunja kukutentha, ndipo amuna awo sankaloledwa kulowa kudzawaona."

Ndinafunsa ngati anamva bwino. Anatsegula kabuku n'kundiloza liwu limene mnyamata wa ku Fremantle anawalembera. Linali lomwelo. Ine tanthauzo lina sindinkalidziwa, choncho ndinakhulupirira.

Sabata imeneyo agogo aja anasamalidwa ngati mfumukazi. Achemwali ankawapatsa bisiketi yowonjezera, n'kumagogoda kawiri asanalowe. Pa nthawi ya tiyi sitinkaphunziranso, tinkangoganizira milandu. Ine ndinkati mwina ankaba nkhosa za eni. Achemwali ankati ayi, manja aja ndi a munthu wothira mankhwala mu tiyi. Anakumbukiranso kuti agogowo anakwatiwa kawiri ndipo amuna onse awiri anamwalira. Kuyambira tsiku limenelo agogo akawapatsa switi ankalandira ndi manja awiri n'kukaiponya m'bini.

Lachisanu ndinalephera kupirira. Tinali awiri tikuwapesa tsitsi, ine n'kufunsa mwaulemu wonse umene ndinali nawo.

"Agogo, pepani, musakhumudwe. Paja munati munakhala mu 'confinement' kanayi. Munalakwa chiyani?"

Anandiyang'ana pagalasi.

"Ndinalakwa chiyani? Ndinakwatiwa, mwanawe."

Analoza chithunzi chimene chinali patebulo pambali pa bedi, chimene tinkachipukuta fumbi tsiku ndi tsiku: ana anayi atandandalika pa thirakitala, wamkulu kumbuyo, wamng'ono kutsogolo. Anatifotokozera kuti m'masiku awo mayi akapita kukachira, ndi masiku amene ankagona pambuyo pake osatuluka, ankazitchula ndi liwu limenelo. Titawaululira zimene tinkaganiza, anaseka mpaka tinachita kuwapatsa madzi. Anatiumiriza kuti tiwauze milandu yonse imene tinawapangira, ndipo wa mankhwala mu tiyi unawasangalatsa kwambiri. Anati mwamuna wachiwiri uja zikanamuyenera.

"Kwathu timati chikuta," ndinatero titabwerera kokamwa tiyi. Ndinawafotokozera mmene akulu anga anakhalira m'nyumba ndi khanda mpaka mchombo utagwa, amayi akuwaphikira ndi kuwathowa ndi madzi otentha, alendo akungofunsira pakhomo.

Achemwali anaika kapu pansi. Anati kwawonso ziliko, ndipo n'zokhwima kuposa pamenepo. Masabata atatu athunthu. Mayi satuluka, sakhudza madzi ozizira, samwa chozizira, sapondetsa phazi pansi popanda sokosi, ndipo amadya msuzi wa ndere za m'nyanja m'mawa, masana ndi madzulo. Akaphwanya lamulo, mphepo imalowa m'mafupa n'kukhalamo mpaka ukalamba. Analemba chikuta m'kabuku kawo, kenako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe wasiya kumwa tiyi wamkaka. Dzulo unathawa fungo la mazira. Miyezi ingati?"

Ndinali ndisanauze munthu aliyense kupatula amuna anga. Tinali titakhala m'banja zaka zisanu ndi zinayi popanda mwana, ndipo ndinali nditasiya kale kuyembekezera. Ndinkaopa kuti ndikangotchula, chinthucho chithawa. Ndinawaonetsa zala ziwiri. Anangondilanda ndowa ya zochapa imene ndinkafuna kunyamula, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinanyamulenso cholemera iwo akuona.

Tinakonza zoti amayi anga abwere kudzandithandiza, koma nthawi itayandikira anadwala kuthamanga kwa magazi ndipo adokotala anawaletsa kukwera ndege ulendo wautali chotero. Amuna anga amagwira ntchito kumigodi ya kumpoto, masabata awiri kumeneko, imodzi kunyumba. Anapempha tchuthi ndipo anapatsidwa, koma ndi munthu woti makina aakulu ngati nyumba amawamasula, pomwe thewera ankaligwira ngati lingaphulike. Mwana anabadwa mu Januwale, wamwamuna, Perth akuwotcha ngati uvuni.

Tsiku limene tinatuluka m'chipatala tinawapeza achemwali atakhala pakhonde pathu ku Balga, ndi mapoto awiri aakulu ndi chikwama. Anali atatenga tchuthi chawo chonse cha pachaka.

"Masabata atatu," anatero. "Sentence."

Ndinaseka, poganiza kuti akucheza. Analowa m'nyumba n'kuzimitsa makina oziziritsa. Fani anaitembenuzira kukhoma. Anatulutsa masokosi aubweya m'chikwama, anagwada, n'kundiveka okha. Amuna anga anayesa kunena kuti kunja kukutentha kwambiri, iwo anangowapatsa mndandanda wa zokagula. Pofika tsiku lachitatu bambowo anali atasanduka nyapala, mkaidi uja amamuika kuti aziyang'anira anzake. Achemwali ankabwera m'mawa n'kuchoka dzuwa likamalowa, ndipo asanachoke ankawasiyira malamulo. Ndikati nditsegule firiji, ndinkamva mawu kumbuyo kwanga: "Mayi a mwana, ndikakunenezani."

Msuzi wa ndere uja tsiku loyamba unandikomera. Unali woterera ngati therere, wa nyama ya ng'ombe, wonunkhira mafuta a chitowe. Tsiku lachiwiri unali bwinobe. Pofika lachisanu ndinkati ndikamva chivundikiro cha poto chikulira, misozi inkalengeza. Koma mkaka unkatuluka wambiri moti mwana ankachita kutsamwa, ndipo achemwali ankaloza n'kunena kuti umboni ndi umenewo.

Loweruka amayi a kutchalitchi kwathu, Amalawi anzanga, anabwera asanu kudzaona mwana. Achemwali anawaimitsa pakhomo. Anawasambitsa m'manja mmodzimmodzi, anasuzumira m'majumbo awo, nkhuku yophika n'kuilola, zakumwa zozizira n'kuzilanda. Anawauza kuti nthawi yoona wodwala ndi theka la ola. Mayi wina wamkulu, namwino wa zaka zambiri amene saopa munthu, anandinong'oneza m'Chichewa:

"Kodi amenewa mwawatenga kuti?"

"Ndinawaphunzitsa ndekha," ndinayankha.

Nditaona kuti zafika povuta, ndinaganiza zochita apilo. Ndinaimbira amayi anga pa foni ya kanema kuti aone mmene mwana wawo akuzunzikira. Ndinawaonetsa masokosi, thukuta, fani yoyang'ana kukhoma ndi mbale ya msuzi wobiriwira. Achemwali anabwera n'kuwerama pamaso pa foni mwaulemu wa kwawo. Amayi sadziwa Chingerezi, achemwali Chichewa chawo chinali cha kundende chokhachokha, koma anacheza ndi manja kwa nthawi ndithu. Achemwali analoza mimba yanga n'kuchita ngati akumanga nsalu. Amayi anawomba m'manja. Achemwali analoza madzi a m'firiji n'kupukusa mutu. Amayi anati eya, eya.

"Amenewo ndiye anthu," anatero amayi foni itabwerera kwa ine. "Uziwamvera. Ndipo nsaluyo amange kwambiri."

Nditadula foni ndinayesa njira yomaliza.

"Achemwali, belo."

"Palibe belo," anayankha m'Chichewa chomveka bwino.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, masana, amuna anga atapita kukagula zinthu, ndinangoyamba kulira. Mwana anali mtulo, palibe chimene chinkandipweteka, koma kulira kunabwera kokha ndipo sikunkaleka. Ndinkafuna amayi anga. Achemwali anachokera kukhitchini, anakhala pabedi kumbuyo kwanga n'kuyamba kundisisita msana ndi manja awo olimba aja. Sanandifunse chifukwa. Nditatonthola anandionetsa mikono yawo polumikizira dzanja. Anati pamene ankabereka mtsikana wawo uja, amayi awo anali atamwalira miyezi itatu m'mbuyo mwake, ndipo amuna awo anali kutali kuntchito. Msuzi ankadziphikira okha, matewera ankachapa okha ndi madzi ozizira, kunja kukugwa chipale. Mpaka lero kukazizira mikonoyo imawawa.

"Mwina ndi mphepo, mwina ayi. Ndine namwino, ndikudziwa zimene mabuku amanena," anatero. "Koma palibe amene anandiveka sokosi."

Madzulo ake msuzi ndinaumaliza wonse osadandaula. Mawa lake ndinayambiranso kudandaula, iwonso anayambiranso kusandimvera.

Tsiku lakhumi ndi chinayi analengeza kuti chifukwa cha khalidwe labwino ndapatsidwa "parole". Analitchula molakwika monga mwa nthawi zonse, ine n'kumva bwinobwino. Anandilola kukhala pakhonde mphindi khumi, nditafunda shawelo, iwo ataima pambali ndi wotchi. Mzungu woyandikana nafe, amene ankathirira kapinga atavala kabudula yekha, anandiyang'ana ndi shawelo yanga ndi masokosi n'kufunsa ngati ndikudwala malungo a ku Afirika. Achemwali anamuyankha kuti ayi, ndili mu "confinement". Bamboyo anatseka mpopi n'kulowa m'nyumba.

Tsiku la makumi awiri ndi limodzi anabwera opanda poto. Anagwada n'kundivula masokosi, anawapinda n'kuwabwezera m'chikwama. Mwana anamusambitsa okha, anamuveka kachipewa, n'kumuika m'kangolo. Tinatuluka atatu m'mawa dzuwa lisanakwiye, amuna anga atabwerera kale kumigodi. Miyendo yanga inali yopepuka ngati ya munthu wina. Tinadutsa pansi pa mitengo ya bulugamu, makwangwala a kuno akulira ngati ana osiyidwa, achemwali akumufotokozera mwanayo zonse m'Chikoreya, iye ali mtulo.

Pakona pa msewu wathu pali kagolosale. Ndinalowa, ndinapita molunjika ku firiji ya m'mbali mwa khoma, n'kugula ayisikilimu wa pakamtengo, wa mandimu. Ndinatuluka, ndinaima patsogolo pawo, n'kumusenda pepala pang'onopang'ono iwo akuona. Ndinaluma. Mano anachita dzanzi, kuzizira kunatsika mpaka pachifuwa. Achemwali anandiyang'ana nthawi yaitali, thukuta likuyenderera m'masaya mwawo, chifukwa masabata atatu onsewo nawonso anapsa nane m'nyumba yopanda mphepo ija. Kenako anatambasula dzanja.

"Ndilumeko," anatero.